Mwana wanga akuti kumwamba kuli maeliyeni: n'zoona kapena n'za m'filimu?

Mayi wina wa ku Chilomoni watilembera motere: "Mwana wanga wamwamuna wa zaka 13 walowerera ndi mafilimu a zombo za kuthambo ndi zilombo zimene amazitcha maeliyeni. Amakabanitsa kumsika n'kumaonera pa foni ya mkulu wake, pena amapita ku vidiyo sho. Sabata yatha cha m'ma 6:30 madzulo, magetsi atazima, tinaona timagetsi tambiri titandondozana kumwamba, tikuyenda mwakachetechete kuchokera cha ku Michiru, kenaka n'kuzimiririka. Iye akuti ndi maeliyeni, aneba akuti ndi ndege za afiti. Kodi zinthuzi zilikodi? Ndimuletse mafilimuwa? Masiku ena amadzidzimuka usiku."

Amayi, mtima ukhale m'malo. Mwana wanu sanasokonekere mutu, ndipo zimene munaonazo si maeliyeni, si afitinso. Tiyambe ndi timagetsito, popeza ndi timene tadzetsa mkangano ndi aneba.

Monga mwafotokozera, nthawi yake, mzere wake ndi kusamveka kwa phokoso, amenewo ndi masetilaiti a Starlink, kampani ya intaneti ija inayamba kugwira ntchito kuno ku Malawi mu 2023. Roketi imodzi imanyamula masetilaiti 20 kapena kuposa, n'kukawatula onse pamodzi. Masiku oyambirira amakhala asanamwazikane, n'chifukwa chake amatsatana ngati ana asukulu pa mzere wa phala. Pakapita masabata angapo amatalikirana n'kukwera mpaka makilomita pafupifupi 500, ndipo mzere uja suonekanso. Alibe nyali zawo. Chimene munaona ndi dzuwa likuwaomba: pansi pano linali litalowa, koma kumwambako linali likadalipo, monga mmene nsonga ya phiri la Ndirande imayambira kuwala m'mamawa m'munsi mukadali mthunzi. Tsiku lina mukadzawaonanso, yang'anitsitsani pamene akuzimira. Mudzaona kuti onse akuzimira pamalo amodzi, wina pambuyo pa mnzake, chifukwa pamenepo ndi pamene akulowa mumthunzi wa dziko lapansi. Ndi chifukwa chomwecho saoneka pakati pa usiku, koma ola limodzi kapena awiri dzuwa litalowa, kapena lisanatuluke.

Zina zimene anthu amaziona n'kuchita nazo mantha sizivutanso kuzizindikira. Kuwala kumodzi kwamphamvu, koyera, kosaphethira, kumene kumadutsa thambo lonse m'mphindi zitatu mpaka zisanu ndi chimodzi, kawirikawiri ndi International Space Station, nyumba ya kafukufuku imene ili makilomita pafupifupi 400 kumwamba, mtunda woposa pang'ono wa Blantyre kupita ku Lilongwe. Imazungulira dziko lonse m'mphindi pafupifupi 90, ndipo mumakhaladi anthu. Chinthu chikakhala ndi nyali yofiira, yobiriwira ndi ina yoyera yothwanima, imeneyo ndi ndege wamba, mwina yotsikira ku Chileka. Kuwala kothamanga ngati mphezi kotha m'sekondi imodzi kapena ziwiri ndi kamwala kochokera kuthambo kakupsa ndi mpweya, ndipo nthawi zambiri sikaposa njere ya chimanga. Miyala yaikulu imafika pansi: mu Januwale 1981 mwala wolemera makilogalamu 93 unagwa ku Machinga. Koma chimene chimanamiza anthu ambiri kuposa zonse ndi Nthanda, pulaneti ya Venus, ikamaoneka kumadzulo dzuwa litangolowa. Munthu akaiyang'anitsitsa kwa kanthawi imaoneka ngati ikuyendayenda, chonsecho akunjenjemera ndi maso ake. Imani poti iyang'anizane ndi ngodya ya denga kapena polo ya magetsi, muona kuti yangokhala. Akaijambula pa foni n'kukoka kwambiri chithunzi, imasanduka chimbale chotuwa chokhala ndi mizere. Ameneyo ndi kamera yolephera kuona bwino kadontho kowala mumdima, ndipo mavidiyo ambiri a "chombo cha maeliyeni" a pa WhatsApp ndi otere.

Kwa anebawo, afotokozereni mwaulemu, koma musalole kuti nkhaniyi ifike potchula dzina la munthu. Kunena wina kuti ndi mfiti ndi mlandu pa lamulo la dziko lino, ndipo amene amavulazidwa pa nkhani zotere nthawi zambiri ndi agogo osalakwa.

Tsopano funso lenileni: kodi zamoyo za kwina zilipo? Yankho loona ndi lakuti mpaka lero palibe amene wapeza umboni wa chamoyo chilichonse kunja kwa dziko lino, ngakhale kachilombo kosaoneka ndi maso. Komabe funso la mwana wanuli si lachibwana, akatswiri amalifunsa tsiku ndi tsiku. Mlalang'amba, mzere wotuwa uja umaoneka kukada bwino, uli ndi nyenyezi zosachepera 100 biliyoni, ndipo dzuwa lathuli ndi imodzi mwa izo. Mu 1995 Michel Mayor ndi Didier Queloz anapeza pulaneti yoyamba yozungulira nyenyezi yofanana ndi dzuwa, ndipo pofika lero mapulaneti otere apezeka opitirira 5,000. Ku Mars kuli galimoto yodziyendetsa ya Perseverance, imene inatera mu Febuluwale 2021 ndipo ikukumba miyala kufufuza zizindikiro za tizilombo takale. Chombo china chinanyamuka mu Okutobala 2024 kupita ku Europa, mwezi wozungulira pulaneti ya Jupiter umene akukhulupirira kuti uli ndi nyanja pansi pa madzi oundana, ndipo chikafika mu 2030. Kuyambira 1960, pamene Frank Drake analoza mlongoti wa wailesi ku nyenyezi ziwiri, akatswiri akhala akutchera khutu kuti mwina amve uthenga wa zamoyo za kwina. Pa 15 Ogasiti 1977 mlongoti wina ku Ohio ku America unamva chizindikiro chachilendo kwa masekondi 72, koma sichinabwerenso, ndipo chinthu chomveka kamodzi kokha sayansi siichiwerengera. Kumvetserako kukupitirira, ngakhale pafupi pompa ku South Africa, kumene kuli mbale 64 za telesikopu ya MeerKAT m'chipululu cha Karoo.

Kukhalapo ndi nkhani ina, kutiyendera ndi nkhani inanso, ndipo apa ndi pamene mafilimu amabera. Mutati mukwere galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola, osaima olo pa Zalewa pogula zokazinga, kumwezi mungakafike patatha masiku 160. Kudzuwa, zaka zoposa 170. Ku nyenyezi yoyandikana nafe kwambiri, Proxima Centauri, zaka zoposa 45 miliyoni. Kuwala kumene, kothamanga makilomita 300,000 pa sekondi, kumatenga zaka zinayi ndi miyezi ingapo kuti kuchoke kumeneko kufika kuno. Chombo cha Voyager 1, chimene chinanyamuka mu 1977 ndipo chikuyenda makilomita 17 pa sekondi, chingafunike zaka zoposa 70,000 kuti chiyende mtunda umenewo. Wolemba filimu ali ndi maola awiri okha, ndiye amangopeka batani loti munthu akadina wafika. Batani limenelo kulibe.

Mwana wanu akhozanso kukumana ndi nkhani ya ku Ruwa ku Zimbabwe, kumene mu Sepitembala 1994 ana asukulu pafupifupi 60 ananena kuti aona chombo ndi tianthu tachilendo. Nkhaniyi imafala kwambiri pa YouTube. Chimene ambiri sanena n'chakuti masiku awiri izi zisanachitike, anthu m'maiko angapo a chigawo chino anaona kuwala kwa zidutswa za roketi ikupsa pobwerera, ndipo nkhani za zombo zinali kale pakamwa pa aliyense. Palibe chithunzi cha kamera choonetsa chombocho kapena chitsulo chimene chinapezeka pasukulupo. Sindikunena kuti anawo ananama, koma mawu a mboni okha, opanda choti wina n'kuchigwira ndi kuchiyeza, sakwanira pa nkhani yaikulu chonchi.

Nanga n'chifukwa chiyani mafilimuwa amakoka mtima chotere? Chidwi cha kuthambo si chachilendo kwa ife. Makolo athu anali ndi maina a nyenyezi, Nsangwe, Akamwiniatsatana, Nthanda, ndipo ankaziyang'ana podziwa nyengo. Kanema atangoyamba kumene, anthu anathamangira komweko: mu 1902 Georges Méliès wa ku France anajambula filimu ya anthu oponyedwa kumwezi ndi chimfuti chachikulu, zaka 67 Neil Armstrong asanapondeko mu 1969. Koma mukaonetsetsa, filimu ya maeliyeni siikamba kwenikweni za maeliyeni. H. G. Wells polemba The War of the Worlds mu 1898, nkhani imene yajambulidwa kangapo, anayerekeza poyera alendo a ku Mars ndi zimene azungu anachita kwa anthu a ku Tasmania. Alendo ofika pa zombo, ali ndi zida zoopsa, n'kulanda malo: ife nkhani imeneyi sitikufunika wotimasulira. Filimu ya District 9 ya mu 2009 inatembenuza zinthu, maeliyeni ndi amene ali othawa kwawo, atsekeredwa m'zisakasa ku Johannesburg, akunyozedwa ndi eni dziko. Aliyense amene ali ndi m'bale ku Joni amadziwa kuti akunenedwa ndani. Choncho mwana akamaonera, zimene zikumugwira mtima ndi mafunso akale: mlendo timamulandira bwanji, wamphamvu akabwera timatani, kodi tili tokha?

Mukhoza kumufunsa funso limodzi limene limatsegula maso ana ambiri: bwanji maeliyeni ambiri ali ndi mutu umodzi, maso awiri, manja awiri ndi miyendo iwiri ngati ife? Yankho lake si la sayansi. Kwa zaka zambiri eliyeni anali munthu wovala chigoba cha labala, ndipo chigobacho chimayenera kumukwana. Komanso woonera amawerenga mantha kapena chisoni m'maso, ndiye chamoyo chopanda nkhope sichigulitsa filimu. Chamoyo chenicheni cha kwina, chitapezeka, mwina chingafanane ndi ndere za pamwala kusiyana ndi munthu.

Pali mabodza ena amene mwana akangowadziwa amayamba kuwagwira yekha. Kuthambo kulibe mpweya, ndipo phokoso limayenda mumpweya, choncho kuphulika kwa zombo kuja sikungamveke. Amaika phokosolo mu situdiyo. Stanley Kubrick mu filimu yake yotchedwa 2001: A Space Odyssey ya mu 1968 anasiya dala kunja kwa chombo kuli zii, ndipo ndiye anali woona. Moto waukulu wolilima sungayake kopanda okosijeni. Chombo sichikhota ngati ndege, popeza kulibe mpweya woti mapiko atsamire. Anthu oyenda bwinobwino pansi m'chombo chosazungulira n'zosatheka, akanayandama. Ndipo kucheza pa wailesi ndi munthu wa ku Mars ngati ali ku Limbe sikungachitike: uthenga umatenga mphindi 3 mpaka 22 kupita kokha, malinga ndi pamene mapulaneti awiriwa ali. Vuto lina ndi lathu lomwe. Mafilimu omasuliridwa m'Chichewa ndi ma DJ amasangalatsa, koma womasulira amadula, amawonjezera nthabwala zake, ndipo safotokoza kuti nkhaniyi ndi yopeka. Mwana wosamva Chingerezi amatenga zonse ngati nkhani za pa wailesi. Onjezani apo mavidiyo opangidwa ndi AI, mapulogalamu a kompyuta opeka zithunzi zooneka ngati zenizeni, a pa TikTok ndi Facebook, ndiye chisokonezo chimakula.

Mankhwala amphamvu kuposa kulalikira ndi kumuuza apange yekha kafilimu kotere. Popanga chombo, atenge chivundikiro cha mpoto, achimangirire ku ulusi woonekera mkati wowedzera nsomba, mnzake achilendewetse pa nsungwi mita imodzi kutsogolo kwa foni, phiri la Soche kapena Michiru lili kumbuyo. Foni ikhazikike pa njerwa kuti isagwedere, ndipo dzuwa likhale kumbuyo kwa wojambula, apo ayi ulusi unyezimira n'kuulula chinsinsi. Chivundikirocho chioneka ngati chombo chachikulu chili patali. Kuti iyeyo aoneke ali pa Mars, pafunika nsalu yobiriwira yopanda maluwa, mamita awiri m'lifupi ndi atatu m'litali, yositidwa ndi kukokedwa bwino pakhoma. Aime mamita awiri kuchokera pansalupo, pamthunzi wowala mofanana monga pakhonde m'mawa, ndipo asavale chobiriwira. Pulogalamu ya pa foni ngati CapCut ili ndi pochotsera mtundu wobiriwira n'kuikapo chithunzi china. Zimene zimalakwika ndi zodziwika: nsalu ya makwinya imasiya mabanga, kuima pafupi kumagwetsa chithunzithunzi pansalu ndi kupaka ubiriwiri m'mbali mwa makutu, ndipo malaya obiriwira amachititsa kuti chifuwa chisowe, mutu uziyandama wokha. Eliyeni aumbe wadothi la pachulu, azimusuntha pang'onopang'ono n'kumajambula chithunzi chimodzichimodzi. Zithunzi 12 zimapanga sekondi imodzi, kotero masekondi 10 afuna zithunzi 120. Akamaliza zimenezi sadzaonanso vidiyo ya pa WhatsApp ndi maso akale aja.

Kumuletseratu sindikulangizani. Akapita mobisa ku vidiyo sho, kumene simudziwa chimene chikuonetsedwa, ndipo kumeneko filimu ya ana ndi ya akulu zimatsatana popanda wofunsa zaka. Chofunika ndi kusankha. Mafilimu a ku America amakhala ndi chizindikiro cha msinkhu: PG ndi ya banja lonse kholo lilipo, PG-13 ndi yoyambira zaka 13, R ndi ya akuluakulu. Kobanitsa kuja zizindikirozi zimasowa, choncho lembani dzina la filimu pa Google musanamulole. Mwachitsanzo Alien ya mu 1979 ndi District 9 ndatchula ija zonse ndi R, zili ndi magazi ambiri, si za msinkhu wake. E.T. ya mu 1982 ndi PG. The Martian ya mu 2015 ndi PG-13, ndipo ndi yabwino kwa mwana wokonda sayansi chifukwa munthu wake amapulumuka powerengera chakudya, madzi ndi mpweya, ngakhale chimphepo chimene chimayambitsa nkhaniyo n'chokokomeza, mpweya wa ku Mars ndi wopyapyala kwambiri moti sungagwetse chombo. Kamodzi pa sabata khalani naye muonere limodzi, pamapeto mumufunse kuti ziti zinayezedwadi, ziti n'zotheka koma sizinapezeke, ziti zangoikidwa kuti nkhani ikome.

Kenaka mutulutseni panja. Miyezi ya Meyi mpaka Julayi thambo la Blantyre limayera bwino masiku opanda chiperoni, pomwe kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala utsi wa moto wa tchire umaphimba nyenyezi za m'munsi. Sankhani usiku wopanda mwezi, ndipo magetsi akazima ndiye mwayi. Maso amafuna mphindi 20 kuti azolowere mdima, ndipo kungoyang'ana foni yowala kamodzi mwayambiranso. Pulogalamu ya Stellarium ili ndi mtundu waulere umene umasonyeza dzina la chilichonse mwalozako foni, ndipo ili ndi kuwala kofiira kosaononga maso. Tsamba la Heavens-Above, mukalembapo Blantyre, limanena nthawi yeniyeni imene International Space Station kapena masetilaiti a Starlink adutse. Ukamuuza mwana kuti 6:42 chituluka cha uku, n'kutulukadi, mantha amasanduka chidwi, ndipo aneba aja mukhoza kuwaitana adzaone nawo. Chakum'mwera, pafupi ndi nyenyezi zinayi zooneka ngati mtanda, pali nyenyezi ziwiri zowala zoloza mtandawo. Yowala kwambiri mwa ziwirizo ndi Alpha Centauri, ya banja limodzi ndi Proxima ija, ndipo kuwala kwake kumene akuona kunanyamuka iye ali ndi zaka 9. Mukapeza mabainokyula olembedwa 7x50 kapena 10x50, atsamiritse zigongono pakhoma, aona zigwa za pamwezi ndi timiyezi tinayi ta Jupiter timene Galileo anaona mu 1610. Lamulo losasintha: asalozetse padzuwa ngakhale kamphindi, diso limapsa osamva kuwawa ndipo silichira.

Ngati chidwichi chipitirira, njira yake ndi masamu ndi Physics kusekondale, ndipo aphunzitsi ake a sayansi adziwe. Maphunziro a sayansi ndi uinjiniya alipo ku MUBAS pa Chichiri pompa, ku MUST ku Thyolo ndi ku University of Malawi ku Zomba. Ngati nkhawa yanu ili pa chikhulupiriro, kuphunzira za thambo sikukana Mulungu: amene anayambitsa ganizo lakuti chilengedwe chikufutukuka kuchokera pa chiyambi chimodzi, Georges Lemaître, anali wansembe wa Katolika.

Za kudzidzimuka usiku, yambani ndi zapafupi. Mwana wa msinkhu umenewu amafuna tulo ta maola 8 mpaka 10. Foni ichoke kuchipinda ola limodzi asanagone, ndipo filimu yoopsa isaonedwe madzulo. Nthawi zambiri mukatero malotowo amachepa. Akakuuzani kuti anadzuka koma thupi linakana kusuntha, chinthu chikumukanikiza pachifuwa ndipo anaona chithunzithunzi pakhomo, musathamangire kwa asing'anga. Pamene tikulota ubongo umamanga minofu kuti tisachite zimene tikulotazo, ndipo pena munthu amadzuka minofu isanamasuke. Zimatha pa masekondi kapena mphindi zochepa, ndipo zimachuluka munthu akamagona mochedwa kapena chagada. Kuno amati afiti anandikwera, ku America ena amati maeliyeni anandigwira, koma chochitika m'thupi ndi chimodzi.

Pitani naye kuchipatala ngati maloto oopsa apitirira mwezi mutasintha zonsezi, ngati wayamba kuopa kugona kapena kupita kusukulu, kapena ngati podzidzimukapo amauma thupi, kugwedezeka, kudziluma lilime kapena kukodza pogona pamene anasiya kale, chifukwa zimenezo zikhoza kukhala khunyu. Musadikire n'komwe ngati akunena kuti akumva mawu amene inu simukuwamva, kuti maeliyeni akumutumizira uthenga iyeyo kudzera pa wailesi kapena pa foni, ngati wasiya kudya, kusamba ndi kucheza ndi anzake, kapena ngati mukukayikira kuti wayamba chamba. Yambirani pa chipatala chaching'ono cha kwanuko, iwo akutumizani ku Queens kumene kuli madokotala a ana ndi a matenda a maganizo. Popita, lembani papepala masiku amene zinachitika, nthawi yake, zimene anaonera tsikulo ndi ola limene anagona, adokotala adzafunsa zimenezo.